Tsiku la Ntchito Lomwe Silinagwire Ntchito

Lolemba

Ba Hedi, mkulu wa sukulu yathu, andiitanira ku ofesi. Kuyambira lero ndine wolangiza ana za ntchito zomwe angadzagwire akamaliza sukulu. Ine, mayi wa Jogalafe! Malipiro ndi omwewo. Andipatsa kiyi wa kabati ya kuseri kwa laibulale, ati zida zonse zili mmenemo.

Ndatsegula. Muli:
timabuku ta nthawi ya atsamunda, tophunzitsa mwana wa Chiafirika kukhala mesenjala waulemu;
chithunzi cha ndege, phiko limodzi chiswe chinadya;
mpira wophulika;
mphemvu ndi banja lake lonse.

Ana a Fomu 5 alemba mayeso mwezi wamawa, ndipo palibe anawauzapo kolowera. Chabwino. Lachisanu ndichititsa Tsiku la Ntchito. Ndiitana dokotala, woyendetsa ndege ndi injiniya, adzayankhule okha mu holo.

Lachiwiri

Enelesi Sakala, mtsikana yemwe masamu amamugwadira, wanditsatira mpaka pageti. Akufuna kukhala injiniya wa madzi chifukwa mpopi wa kwawo ku Kabwata umangotsokomola mphepo. Koma bambo ake akuti akamaliza mayeso akagulitse tinsomba ta kapenta pa benchi yawo ku msika wa Soweto. Mwanayo akuti: "Ba Ticha, olo nimuoneko chabe injiniya, nimufunse anayambila kuti." Ndamulonjeza. Pakamwa pangapa!

Foni ya sukulu inafa kalekale. Makina osindikizira alibe inki. Makalata ndalemba pamanja, ndikapereka ndekha.

Lachitatu

Basi sikubwera. Yabwera, yadzaza, yadutsa. Ku Kabulonga ndafika wapansi. Wondilandira kwa dokotala ndi galu, ndipo mbali ina ya chitenje changa yatsala naye. Mlonda akuti: "Ba dokota banayenda ku Botswana, kuja balipila bwino."

Ku Chelstone woyendetsa ndege ndamupeza akudyetsa nkhuku. Ndege yake ikudikira sipeya chiyambire dzinja. "Nibauze chani bana? Apa vamene viuluka ni nkhuku chabe."

Ku Woodlands injiniya, a Mulenga, avomera! Ati abweretsa ndi mapulani omwe. Pang'onong'ono ndiwagwadire pakhonde pomwepo.

Lachinayi

Tcheyamani wa Chipani wa dera lino wamva. Akuti palibe msonkhano ungachitike iye osautsegula, ndipo ana ayambe amuimbira. Ndamufunsa kuti iye adzalangiza za ntchito yanji. "Nchito yokonda dziko." Ndimati ndifunse kuti ntchito imeneyo amalembera kuti, ba Hedi andiponda phazi pansi pa tebulo.

Mu holo mwadzaza madesiki othyoka. Tatulutsa ine ndi ana, msana wanga wathera pomwepo. Enelesi wabwereka ayironi kwa aneba kuti asite yunifomu.

Lachisanu

Belu lisanalire, malole aima pabwalo. Kukubwera mlendo wamkulu wa dziko lina. Sukulu yonse, aphunzitsi omwe, ikaime m'mphepete mwa msewu wa ku bwalo la ndege, kukupiza timbendera. Ndapempha kuti Fomu 5 yokha itsale. Ba Hedi: "Mufuna banilembe dzina ine?"

Dzuwa! Madzi kulibe. Mthunzi kulibe. Ana awiri akomoka. Dzuwa litapendeka, magalimoto akuda adutsa ngati kamvuluvulu, magalasi otseka. Takupizira fumbi basi.

Tabwerera madzulo. Mlonda wa sukulu akuti kunabwera bambo wa tayi, atanyamula mapepala akuluakulu okulunga ndi chidutswa cha paipi. Anakhala pa sitepe ya holo mpaka njala inamuchotsa. Wasiya mawu akuti Lolemba akusamukira ku Kitwe, ndimukhululukire. Iyeyo kupepesa kwa ine!

Enelesi sanalire. Wangondibwezera kambendera ndi manja awiri. Bola akananditukwana.

Loweruka

Ndapita ku Kabwata kwa a Sakala. Ndalankhula mpaka kukhosi kuuma: za masamu, za yunivesite, za madzi omwe tonse tikuwasowa. Amvetsera mwaulemu. Andipatsa tiyi wopanda shuga, poti m'sitolo shuga mulibe. Kenako maso awo atsikira pa nsapato zanga, zomwe zinayasamula pa ulendo wa ku Kabulonga.

"Ba Ticha, imwe munaphunzila maningi, si so?"

Ndabisa mapazi pansi pa mpando. Enelesi amamvera kuseri kwa nsalu ya pakhomo, mapazi ake ndimawaona. Pomaliza bambowo ati mwanayo alembe kaye mayeso, akakhoza bwino "tizaona". Tidzaona! Ndatuluka nako kamawu kameneka ngati wanyamula dzira.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ba Hedi andikokera pambali. Ku ofesi ya maphunziro akufuna lipoti la Tsiku la Ntchito mawa m'mawa. Ndilembe kuti linayenda bwino, ana onse analipo. Ndalemba. Analipodi onse, pamsewu.

Mkwiyo wandithera, watsala ndi msana. Tcheyamani watumiza uthenga, akufunsa kuti ayankhula liti, popeza mawu ake anakonza kale ndipo ndi ambiri. Ndamupatsa Lachisanu likubwerali. Iyeyo ndiye salephera kubwera.