A Lumo ndi Yoyo Yokana Kugona

Malemu a Lumo, ometa aja, anali ndi akazi awiri: wa kunyumba ndi wa pachingwe. Wachiwiriyu anali yoyo yofiira, ndipo ankaitchula kuti mayi aang'ono popanda ngakhale kuphethira. Ukakhala pampando kuti akumete, dzanja lamanzere linkayendetsa makina pamutu pako, lamanja likuponya yoyo. Amuna a m'dera lathu tonse tinkayenda ndi mitu yopendekera mbali imodzi, koma palibe anasamuka, chifukwa kuseri kwa shopu yawoyo n'kumene kunali kalabu yathu.

Kalabu ndikunenayi musaiganizire patali. Kanali kachipinda kosungira matawulo, benchi imodzi, ndi akuluakulu amene tinayenera kukhala ndi manyazi koma tinalibe: telala, aphunzitsi opuma ntchito, mayi wina wa ku famase, ndi ine wokonza nsapato. Mababu tinaswa ambirimbiri, mpaka a Lumo anaveka lotsalalo kadengu kawaya.

Kwa amene simudziwa, yoyo ya mpikisano imafunika igone. Ukaiponya izizungulira pansi pa chingwe osabwerera, iwe ukuluka zalusozo. Kuti igone nthawi yaitali, kachitsulo kozungulira ka m'kati mwake kazikhala kouma. Ya a Lumo inkagona ngati mlonda wokhuta. Tsiku lina anaiponya, n'kuyankha foni, n'kukangana ndi mlamu wawo, n'kukhululukirana naye, iyo ikuzungulirabe.

Chinkawadya mtima chinali chimodzi. Mayi aakulu kunyumba ankati zonsezi n'zachibwana, ndipo kuti iwo sanalonjezepo kukhala pamitala ndi chidole. Ku mpikisano mayiwo anali asanapondeko. A Lumo chikho ankachifuna, inde, koma ankafunitsitsa kuti mkazi wawo awaone tsiku limodzi lokha anthu akuwaombera m'manja.

Chaka china mpikisano wa makalabu onse unachitikira mu holo yapafupi. Bambo anachonderera mpaka malovu kuuma, mayi n'kuvomera. M'mawa wa tsikulo, a Lumo ali kubafa, mayi anatenga yoyo ija n'kuizunguza. Anamva ikulira mouma, chisoni chinawagwira. Anaimasula, n'kudzoza mkazi mnzawoyo mafuta awo odzola, osaumira ngakhale pang'ono.

Pakhomo la holo anaipereka ndi manja awiri. "Nayu mnzanga. Lero ndamusamalira ndine."

A Lumo anakwera pansanja, nyimbo inayamba, anaponya. Yoyo inabwerera pomwepo n'kuwamenya zala. Anaponyanso, inawapeza pamphumi. Kachitatu inadutsa pafupi ndi khutu la woweruza, munthuyo n'kulowa pansi pa tebulo. Ife a kalabu tinadziwa nthawi yomweyo kuti m'kati muli mafuta. Telala anabisa nkhope m'chipewa.

A Lumo anainunkhiza, namva fungo lomwe ankalidziwa bwino. Anayang'ana kutsogolo. Mayi anali ataimirira, chikwama chili pansi, akuomba m'manja nthawi iliyonse yoyo ikabwerera mwaliwiro, poganiza kuti luso lake ndi limenelo. A Lumo anapitiriza kuponya mpaka nyimbo inatha. Anatsika ndi chotupa pamphumi, ndipo pa mndandanda wa opambana anagwira mchira.

Panja mayi anafunsa mmene mnzawo wayendera.

"Sanayendepo bwino chonchi," anatero a Lumo. "Oweruzawa ndi nsanje basi."

Kuyambira pamenepo mayi sanaphonyenso mpikisano, ndipo kudzoza kunakhala udindo wawo. Mkati mwa sabata a Lumo ankatsuka kachitsulo kaja ndi sipiriti wa kometera, yoyo n'kumagona bwinobwino m'kalabu, ife tikuona zodabwitsa zimene oweruza sanazionepo. Tsiku la mpikisano inkafika ikunyezimira. Tinawalangiza kuti awauze mayi chilungamo, kapena azibisa ina m'thumba. Mayi wa ku famase anafika powakalipira kuti akutaya luso dala. A Lumo anangoseka.

"Chikho n'chitsulo, achemwali. Inu mumamuona mkazi wanga mmene amaimirira muja?"

Anatisiya chaka chatha atadwala nthawi yochepa, chikho asanachigwirepo. Maliro atatha, mayi aakulu aja anatulukira m'kachipinda kathu, kanthu atakulunga m'kampango. Anakafunyulula pabenchi. Inali yoyo yofiira ija, mafuta akuchita kutsetsereka.

"Amene aziisewera azibwera nayo kwa ine mpikisano usanafike," anatero. "Bambo anu ankati popanda dzanja langa siyenda."

Tonse tinayang'ana pansi. Aphunzitsi, munthu amene bodza ankadana nalo ngati matenda, anakonza kukhosi.

"N'zoona, mayi. Ankatiuza tonse."

Kalabu ilipobe. Timakumana, timaponya, koma m'chipindamo muli zii, ndipo wina akachita chaluso timatembenuka kufuna woti atinyoze, osamupeza. A Lumo ndimawasowa kwambiri, sindibisa. Mpikisano wa mwezi wamawa tinachita maere kuti yofiira ija apite nayo ndani, ndipo anagwera ine. Mayi anena kale kuti adzakhala kutsogolo. Ndikudziwa kuti ndidzagwira mchira, koma dzulo ndinakawasiyira yoyoyo kunyumba kuti ayambe kudzoza.