Chiwongolero cha a Tadikirani

Munthu ankalipira mphindi khumi zosewera, n'kudikira mphindi makumi awiri. Umu ndi mmene zinkakhalira m'chipinda cha magemu cha a Tadikirani, ndipo dzinalo tinawapatsa ndife. Ukangokhala pampando n'kugwira chiwongolero, mtima uli dyokodyoko, unkamva mawu kumbuyo kwako: "Tadikirani kaye."

Ine ndimakonza mafoni. Shopu yanga ndi chipinda chawocho n'zogundizana khoma, ndiye kwa zaka zisanu ndi chimodzi mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo. Mbali inayo kuli butchala. Chipindacho n'chopapatiza, zenera lake limodzi analitseka ndi katoni kuti dzuwa lisamawale pa sikirini. Pakati anaikapo mpando wa galimoto ina yomwe inachita ngozi, wowotcherera pa zitsulo, kutsogolo kwake chiwongolero chogula kwa munthu ndi zopondera zitatu. Kompyuta inkakhala pansi pa tebulo itafunda thaulo. Munali magemu 48, onse oyendetsa galimoto. Ena anali atsopano, ena akalekale a m'makina oponyamo ndalama zachitsulo aja, omwe kompyutayo inkawanamiza kuti akadali m'makina awo.

Mkuluyu anayendetsa malole zaka 26, ndipo kampani itatsekedwa sanavomere kuti udalaivala watha. Chiphunzitso chake chinali chimodzi, ndipo ankachilalikira kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

"Gemu iliyonse ili ndi chiwongolero chake," ankatero. "Ya lole imafuna chizungulire kawiri ndi theka, madigiri 900. Yakale ya mpikisano ija imafuna 270 basi, mukaipatsa 900 mukhota mawa. Ndiye pali kulimba kwake, mmene chimakubwezerani m'manja mukaponda mwala, kuyambira 0 mpaka 100. Ndiye pali buleki."

"Madala, ndalipira ine!"

"Mwalipira kusewera. Simunalipire kugubuduza galimoto yanga."

Akatero ankagwada pansi, n'kusintha manambala, n'kukudzutsa pampando kuti ayese okha kona imodzi. Ankatsinzina diso limodzi, kupukusa mutu, kugwadanso. Manambalawo sankawalemba paliponse. Ndikawauza kuti agule kope ankandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ankati dalaivala salemba msewu, amaumva m'manja.

Amene anavutika nawo kwambiri ndi a Butchala, munthu wamkulu thupi, wosachedwa kupsa mtima, wokonda gemu ya m'misewu ya miyala. Tsiku lina a Tadikirani atapita kuseri kukadzithandiza, a Butchala anati mwayi ndi womwewu. Anatseka gemu ya lole, n'kutsegula yawo ija, manambala ali a lole omwewo. Pa dzenje loyamba chiwongolero chinazungulira chokha, phwa! Chala chachikulu chinali mkati. Kukuwa kwake ine ndinaponya foni ya kasitomala pansi.

A Tadikirani anatulukira akuthamanga, dzanja limodzi litagwira buluku. Anawalumpha a Butchala omwe ankagubuduka pa simenti, n'kukagwira chiwongolero. Anachitembenuza uku ndi uku, khutu ataligunditsa pamenepo.

"Mwayi wanu sichinathyoke."

"Chala changa, madala!"

"Muli nazo zina zisanu ndi zinayi. Chiwongolero n'chimodzi."

Sabata yonseyo a Butchala anadula nyama ndi dzanja lamanzere, ndipo msewu wonse tinadya nyama yokhotakhota.

Akazi awo a Tadikirani, omwe ine ndinkawatchula kuti alamu, m'chipindamo sankalowamo. Ankabweretsa chakudya masana n'kuchisiya pakhomo. Chiwongolerocho ankachitcha mkazi mnzawo. Ndipo zifukwa anali nazo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa kutali, ulendo wa masiku awiri. Atabereka mwana woyamba, bambo ake anakana kwamtuwagalu kupita kukaona mdzukulu.

"Ndikachoka ine, manambala asintha ndani?"

"Mutseke sabata imodzi yokha, bambo."

"Sabata? Anthu adzazolowera kuyendetsa za pafoni, n'kuiwala kukhota."

Alamu anapita okha. Ine ndinkawaseka a Tadikirani pa zonsezi, koma nthawi zina ankandikwiyitsa zenizeni. Munthu unkaona kuti dziko lonse analipanikiza m'kachipinda kamene kaja.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina, anthu asanayambe kubwera, analowa m'shopu mwanga n'kukhala pa benchi ya makasitomala, zomwe sanachitepo. Ndinawapatsa kapu ya tiyi. Anaigwira ndi manja awiri, n'kuiika pansi osamwa.

"Achimwene, kodi kompyuta ingathe kudziwa yokha kuti gemu yatsegulidwa ndi iti?"

"Ingathe."

"N'kusintha manambala yokha, popanda munthu?"

"Zaka zisanu ndakhala ndikukuuzani zimenezi. Lero kwagwanji?"

Anatambasula dzanja lamanja n'kundiuza kuti ndiwapatse moni. Ndinagwira. Munthu amene ankatembenuza lole yodzaza simenti anandifinya ngati khanda.

"Adokotala akuti mphamvu zikutha m'mikono, ndipo sizibwerera. Kenako miyendo, kenako chifuwa. Akuti mwina chaka, mwina osafika." Anabweza dzanja lawo. "Pakhomo pathu timadya za m'chipinda chija. Mayi aja sadziwa ngakhale poyatsira. Ndikufuna ndikachoka azingotsegula chitseko, makina azichita okha."

"Mwawauza?"

"Akudziwa kuti ndikudwala misempha. Ndinati adokotala akuti zitha. Inunso muzitero."

Ndinavomera. Ndikanena kuti ndinalimbana nawo ndinama. Ndinangogwedeza mutu, chifukwa zinali zosavuta kutero kusiyana n'kukangana ndi munthu amene wangokuuza kuti akufa.

Mbali yanga ya ntchitoyo sinali yovuta. Ndinasonkhanitsa kapulogalamu koti kazikhala phee mu kompyuta, kakaona gemu yatsegulidwa kazitenga manambala a gemu imeneyo n'kupatsa chiwongolero. Magemu akalekale aja ndiwo anandizunguza mutu, chifukwa onse ankatsegukira m'pulogalamu imodzi yowanamiza ija, ndiye kompyuta inkawaona ngati gemu imodzi. Patatha masiku anayi ndinapeza powasiyanitsira. Chinatsala ndi manambala enieniwo, magemu 48. Ndinati titenge pa intaneti, anthu analemba kale, titha masana amodzi.

"Anthu ake ati? Anayendetsapo lole?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye asandiuze za chiwongolero changa."

Anati popeza manambalawa akhala mpaka kalekale, iliyonse aiyesa bwinobwino, kuyambira pamwamba pa mndandanda mpaka pansi. Gemu imodzi inkawatengera masiku atatu kapena anayi, m'mipata yomwe kunalibe kasitomala. Akakhutira ankamenya khoma, ine n'kubwera kudzasunga manambalawo.

Magemu khumi oyamba atatha tinayesa pamaso pa anthu. A Butchala anatsegula gemu yawo ya miyala, chiwongolero chinanjenjemera pang'ono chokha, basi, galimoto n'kunyamuka. Anayendetsa mpaka kumapeto pakamwa pali yasa. Atadzuka anawamenya a Tadikirani paphewa.

"Madala, ntchito yakutherani! Tsopano mukhoza kufa, sitidandaula!"

Chipinda chonse chinaseka chikhakhali. A Tadikirani anaseka nawo, mwinanso kuposa onse. Ine ndinatuluka, ndinati ndasiya chowotchera chili pamoto.

Manambala ndinkasunga ndine, ndiye ndine ndekha ndinaona zimene zinkachitika. Magemu oyamba kulimba kwake kunali 80, 75, 85. Pofika gemu ya 20 kunali m'ma 50. Pofika ya 30 kunatsikira pa 35. Sankachita dala. Ankakhala pampando, kutsinzina diso monga kale, kutsitsa nambala mpaka chiwongolero chimveke m'manja mwawo mmene chinkamvekera kale. Tsiku lina ndinayesa kulankhula.

"Madala, iyi siyapepuka kwambiri?"

"Yapepuka? Taigwirani! Ikukoka ngati ndasenza matumba mazana awiri."

Ndinaigwira ndi zala ziwiri, inatembenuka. Ndinati zoonadi ikukoka, n'kusunga 22.

Miyezi yomaliza ankabwera atatsamira mkono wa alamu. Alamuwo ankawasiya pakhomo, n'kundifunsa ali chiimire: "Alamu, mukuwaona bwanji anzanuwa?" Ine ndinkati akulimbikira, mankhwala akugwira. Akachoka ndinkawanyamula mkulu uja kuwakhazika pampando, n'kuwaikira manja pa chiwongolero. Zala zikaterereka ndinkazibwezerapo. Nthabwala sanasiye. Ankati ndine kondakitala woipa kuposa onse amene anayenda nawo.

Gemu ya 48, yakale ya matakisi, anaimaliza Lachinayi lina masana. Sanathe kumenya khoma, koma ndinali pomwepo. Kulimba kwake kunali 6.

"Sungani," anatero. "Yatha ntchito."

Anamwalira patatha milungu itatu, chifuwa chitakana kupuma. Mwana wawo uja anafika tsiku lotsatira.

Patapita mwezi alamu anatsegula chipinda. Ndinawaonetsa batani loyatsira, basi. Zonse zinayenda monga mwini wake anafunira. Munthu ankasankha gemu, chiwongolero n'kudzikonza chokha. Koma sipanathe sabata madandaulo asanayambe. Magemu a pamwamba pa mndandanda anthu ankawakonda, a m'munsi ankati ndi akufa. A Butchala anafika pokuwa kuti chiwongolero chatha, chikungozungulira ngati chivundikiro cha poto. Ena anayamba kubwerera pakhomo.

Alamu anandiitana masana ena kulibe anthu.

"Akuti chawonongeka. Chikawonongeka ichi ine ndilibe kolowera. Tandiuzani zoona."

"Sichinawonongeke."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinafunafuna bodza lina, koma anali atandithera. Ndinawauza kuti akhale pampando. Anayang'ana mpandowo kanthawi, n'kukhala, koyamba m'moyo wawo. Ndinatsegula gemu yoyamba, ya lole. Chiwongolero chinawakoka mpaka mapewa anagwedezeka.

"Iii! Ankalimbana ndi chimenechi tsiku lonse?"

"Iyi anaikonza mwezi umene anachokera kwa adokotala."

Ndinatsegula ya 20, kenako ya 30. Ndinaona kuti amva, chifukwa anayamba kundiuza okha kuti pitirizani. Titafika pa ya 41, ya m'chipale chofewa, anatembenuza chiwongolero ndi chala chimodzi, n'kuchisiya.

"Iyi ndikuikumbuka. Anabwera kunyumba akusangalala, akuti lero ndamaliza ya m'chipale, mikono yayamba kubwerera." Anapukuta manja pa siketi. "Madzulo ake mwana anaimba foni. Anali atagula kale tikiti. Ine ndinamuuza kuti usavutike ndi khanda pa msewu, bambo ako akuchira, udzabwere pa holide."

Kenako ananditembenukira.

"Manambalawa ankasunga ndani?"

"Ine."

"Ndiye inu munkaona akutsika."

"Ndinkaona."

"Ine n'kumakufunsani pakhomo apo m'mawa uliwonse."

"Anandipempha, alamu."

"Anakupemphani." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire, ndipo ndikanakonda akanalira kapena kunditukwana. "Tsegulani yomaliza."

Ndinatsegula. Anaika manja onse awiri pa chiwongolero, sanachitembenuze. Takisi ya pa sikirini inangoima pamzere woyambira, injini ikulira, mpaka nthawi ya gemuyo inatha yokha. Kenako anadzuka.

"Kwezani manambalawo. Onse. Anazunzika kuti anthu azisewera, ndiye azisewera."

"Mwina tisiyeko imodzi mmene anaisiyira?"

"Kuti ndiziitani? Kwezani."

Ndinakhala pansi n'kuyamba. Poti manja anga sadziwa lole, ndinangoyerekeza ndi magemu oyamba aja, apa 75, apa 80. Ntchito imene inamutengera munthu miyezi isanu ndi iwiri ndinaifufuta asanamalize alamu kusesa pakhomo.

Chipindacho chikuyenda bwino tsopano, ndipo pakhomo paja sagona ndi njala. Zimene mkulu uja ankafuna zinatheka. Ndikamagwira ntchito masana ndimamva injini zikulira kuseri kwa khoma, matayala akukhuluzika, a Butchala akutukwana makona. Palibe amene amakangana ndi mnzake, palibe wolalikira za madigiri. Anthu amalowa, kusewera, n'kutuluka, ambiri osadziwa n'komwe kuti kale panali munthu wogwada pansi paja. Ine ndimamusowa, ndipo masiku ena ndimamukwiyira kwambiri chifukwa cha katundu amene anandisenzetsa.

Waya akasokonekera mayi aja amatuma kasitomala kuti adzandiitane. Ndikakonza amathokoza mwaulemu wonse. M'mawa uliwonse amandipatsa moni, koma chichokereni tsiku lija sanandifunseponso funso lina lililonse.