Tsiku limene ndinakolola nsapato pamzikiti

Anzanga, musandione kudekha chonchi lero, ine ndinagwidwapo ndi chiguduli chodzaza nsapato za eni ake, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo choseketsa n'chakuti tsiku limenelo ndinali pa ntchito yosaka akuba!

Zinali ku Chipoka, zaka zija za makadi a chipani, nditangotumizidwa kukaphunzitsa. Ndinachokera kumudzi kwathu ku Mchinji, kumene aliyense amene ndinkamudziwa ankapemphera Lamulungu, ndipo wokhala ndi nsapato ankalowa nazo m'tchalitchi mpaka kutsogolo kuti anthu azione. Nyumba ya sukulu inali isanathe, ndiye ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa Che Amidu, bambo wachikulire wogulitsa nsomba zouma, munthu wa mawu ochepa. Akazi awo ankanditumizira mpunga ngati mwana wobereka okha.

Masiku amenewo m'dera lathu la kufupi ndi siteshoni munabuka kaumbava kokwiyitsa: malaya pachingwe, mbale pathandala, nkhuku, koma makamaka nsapato. Ena ankati ndi anthu otsika sitima yapamtunda, ena ankati ayi, ndi a sitima yapamadzi. Atcheyamani a chipani anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti dziko lathu ndi la bata, akuba kulibe, komabe aliyense akhale maso. Ine pofuna kudziwika ndinaimika mkono. "Ife aphunzitsi tikhala patsogolo," ndinatero, "paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa." Anthu anawomba m'manja. Anandituma ndani?

Nsapato ndinali nazo peyala imodzi yokha, zakuda, yakumanzere itayasamula kukamwa ngati mlamba. Lachinayi lina nditaweruka ndinazisiya pakhonde kuti zipitidwe mphepo, ine n'kupita kukasamba kunyanja. Pobwera, pakhonde pali mbee! Ndikanauza ndani, ine mwini kalumo kakuthwa? Lachisanu ndinaphunzitsa nditavala mapatapata, ana akuseka chamumtima ndikamayenda kupita pabolodi.

Titaweruka masana ndinati lero wakubayo andiona. Ndinadzera njira yachilendo, ndikusuzumira m'mipanda ya anthu. Ndiye ndinatulukira pa nyumba ina yaitali ya zidina, yofolera udzu, yopanda chikwangwani chilichonse. Pakhomo pake, amayi ine! Nsapato mizeremizere, zachikopa, zamatayala, mapatapata, zina zatsopano. Ndipo pakati pa zonsezo, zanga! Ndinazidziwa ndi chingwe chimodzi chofiirira chimene ndinamangira ndekha. Zinali zitasokedwa kukamwa kuja, zitapakidwa polishi, zikuchita kunyezimira. Ndinati, onani mbava zake, zakonza kale katundu kuti zikagulitse.

Kuti kuli Asilamu ndinkadziwa, si Che Amidu omwe? Koma zoti polowa mumzikiti amavula nsapato, palibe anandiuzapo, inenso sindinafunse. Ndinasuzumira pa kazenera. M'katimo munali zii, amuna okhaokha, ndipo nthawi yomweyo onse anagwada n'kugunditsa mphumi pansi. Ine mumtima ndinati, andiona, akubisa nkhope!

Pafupi panali thandala la usipa, pambali pake chiguduli. Ndinachitola, nachonso cha mwini wake, n'kuyamba kukolola. Sindinasiye ngakhale patapata mmodzi, poti umboni umafunika wonse. Ndinasenza, ulendo wa kupolisi, ndikuganiza kale mawu amene atcheyamani adzanene ponditamanda.

Ndili pafupi ndi msika ndinamva kumbuyo, "Wakuba! Wakubayo!" Nditacheuka ndinaona chigulu cha amuna a mikanjo yoyera, opanda nsapato, akudumphadumpha pamchenga. Mchenga wa ku Chipoka masana mumaudziwa inu, mutha kukazingirapo mtedza. Ine m'malo moima ndinaliyatsa liwiro, nanenso ndikukuwa, "Akuba! Akuba awo akundithamangitsa!"

Pachipata cha msika panali anyamata a chipani ofunsa makadi. Mmodzi anandigwira kolala.

"Khadi, bambo."

Khadi ndinali nditaliiwala m'malaya a dzulo.

"Nanga m'chigudulimo muli chiyani?"

"Umboni," ndinayankha monyadira, n'kukhuthula zonse pansi.

Apo n'kuti chigulu chija chafika, msika wonse wazungulira, ana anga a sukulu ali kutsogolo. Wina anali atatola kale mtengo. Apa mpamene mutu unayamba kugwira ntchito, mochedwa. Ndinaona kuti nkhani ikafika ku ofesi ya maphunziro, yoti mphunzitsi wopanda khadi wagwidwa ndi nsapato za anthu, ntchito yathera pomwepa, ndipo amayi kumudzi akamva kuti mwana wawo anapita kunyanja kukaba.

Kenako pagulupo panatuluka Che Amidu, akutsimphina, thukuta lili kamukamu. Anandiyang'ana, anayang'ana mulu wa nsapato, n'kupukusa mutu.

"Sitafurullahi! Aphunzitsi, ndinu?"

"Bambo, nanunso muli m'gulu limeneli?" ndinatero ine chitsiru. "Nsapato zanga ndazipeza pakhomo pawo!"

"Nsapato zanu ndinatenga ndine, mwanangu. Zimandimvetsa chisoni mukamadutsa, chala chili panja, ana akukulozani. Ndinakasoketsa. Lero ndazitenga kwa wosoka popita ku swala ya Ijumaa, mapemphero athu a Lachisanu, ndimati ndikupatseni pobwera."

Amene anayamba kuseka anali ashehe, mtsogoleri wa mzikitiwo, nkhalamba ya ndevu zoyera, ataponda mwendo umodzi ngati kakowa.

"Chiyambire nsapato zimasowa imodziimodzi," anatero. "Wotenga za mzikiti wonse, woyamba ndi mlonda wathuyu."

Msika wonse unafa nacho chiseko, ngakhale anyamata a makadi aja anaiwala zimene amandifunsa. Che Amidu anandigwira paphewa n'kuuza anthu kuti, "Uyu ndi mwana wa m'nyumba mwanga, wakuba ayi, kungoti safunsa." Mawu amenewo ndi amene anandipulumutsa, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa mokoma.

Chilango changa chinali kugwada pamchenga womwewo n'kumapezera aliyense nsapato zake. Zinali zitasakanikirana ngati usipa. Mkulu wina anapita kwawo ndi zakumanzere zokhazokha, ndipo mwini chiguduli naye anabwera kudzafunsa chake.

Madzulo ake mpunga unabwera monga mwa masiku onse, koma akazi a Che Amidu anauika patebulo akudziluma milomo kuti asaseke. Umbava m'deramo unayamba wachepa, anthu ati akuba anamva zoti kwabwera mnzawo wamkulu woba ndi chiguduli, ndiye anaopa mpikisano.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi njuchi zomwe. Chichokereni tsiku limenelo, ndikaona nsapato zambiri pakhomo la munthu sindiwerenga, sindisuzumira pazenera, ndimangowerama n'kuvula zanga.