Mbiri ya M'thumba la Jekete

Mpaka lero ndikamadutsa pasikelo yoyezera tiyi, azimayi othyola tiyi amakodolana n'kuyang'ana kumbali. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziyamba ndekha pamaliro a Sajeni Namakhwa.

Ine ndine kalaliki pa esiteti, ndipo a Namakhwa tinkayandikana nyumba. Anagwirapo usilikali, kenako ntchito yozimitsa moto ku Limbe. Atapuma anabwerera ku Thyolo ndi nsapato zawo zazikulu komanso ndowa yofiira ya mchenga imene sinkachoka pakhomo. Mkazi wanga Esnati atamwalira chaka chatha, anthu atabalalika, iwo okha sanasiye kubwera. M'mawa uliwonse ankagogoda pazenera.

"Akalaliki, mbaula mwazimitsa?"

"Sindinayatse n'komwe, a Sajeni."

"Vuto lake ndi limenelo. Yatsani, muphike, mudye, kenako muzimitse. Ndibweranso kudzayendera."

Iwonso atatisiya, abale anati mbiri yawo ndiwerenge ine, poti ndinapita ku koleji. Ndinailemba mosamala, masamba awiri, n'kuiika patebulo (tebulo limeneli mulikumbukire). Ndinavala jekete yakuda, imene chiikireni Esnati ndinali ndisanaikhudzenso.

Nthawi itakwana ndinapisa m'thumba, ndinapeza pepala, n'kuyamba. Pagulu ndili ndi njira yanga: ndimawerenga osamvetsera zimene ndikunena, kuti mawu asanjenjemere.

"Malemu anabadwira kwa Mphuka." Anthu anagwedeza mitu (a Sajeni analidi a komweko). "Anali munthu wofatsa, woyankhula motsitsa." Apa wina anatsokomola, chifukwa a Sajeni akamapereka moni ankamveka mpaka kufakitale. "Anaphunzira kusoka madiresi ku Luchenza." Madala atatu amene ankazimitsa nawo moto anayang'anana. Ine osaima. "Ankaimba m'kwaya ya amayi, ndipo wasiya mwamuna."

Kenako mmodzi wa madala aja, a Khoviwa, anayang'ana bokosi n'kunena mokweza: "Koma Sajeni iwe! Zaka zonsezi osatiuza?"

Anthu anafa ndi phwete. Ngakhale azimayi amene ankalira anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. M'pamene ndinaliyang'ana pepalalo. Inali mbiri ya Esnati, imene mlamu wanga anandipatsa atatha kuiwerenga pamaliro ake, ine n'kungoipinda n'kuiika m'thumba la jekete. Kumeneku kunali kuiwerenga kwanga koyamba.

Abusa anandiyandikira. "Achimwene, pepala lenileni lili kuti?"

"Patebulo, abusa. Kunyumba."

"Ndiye musawasiye a Sajeni apite ngati telala. Nenani zimene mukudziwa."

Zaka zawo za usilikali, maudindo, malo amene anagwirako, zonse zinali zitathawa m'mutu. Chinatsala n'chimodzi. Ndinati, "Bambo awa anakalamba akuzimitsa moto m'nyumba za anthu. Kwanga ankabwera kudzaona ngati ndayatsa." Kuseka kunatha. A Khoviwa anadzuka pang'onopang'ono, anaombera sawasha ngati msilikali, n'kumaliza okha mbiri yonse, mpaka ya nyumba yosungiramo nkhuni za kufakitale imene a Sajeni anaipulumutsa atapuma kale ntchito.

Ndowa yofiira ija abale anandipatsa ine. Ndinaphunzirapo kuti munthu azipisa m'thumba asanachoke pakhomo, koma mbiri zonse ziwiri tsopano zili m'jekete momwemo, ndiye musadzandipemphenso kuwerenga mbiri.

M'mawa pazenera sipagogodanso munthu. Ndimayatsabe mbaula, ndimaphika chakudya cha munthu mmodzi, ndimadya. Ndikazimitsa ndimayang'ana kuzenera, ndipo masiku ena ndimanena ndithu kuti ndazimitsa.