Tsiku limene ndinatsuka kambale ka alamu anga

Miyezi inayi tsopano, alamu anga amandipatsa moni kudzera mwa mkazi wanga. Mlandu wake ndi botolo la madzi akumwa.

Alamuwo, ang'ono ake a mkazi wanga, amachita kafukufuku pa labotale ina chakufupi ndi Tegeta, kuno ku Tanzania. Amaweta tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa arikeya, tomwe anatitunga m'maiwe oumitsira mchere. Timakonda madzi a mchere woposa wa m'nyanja kangapo. Alamu ankafuna njira yolowetsera jini yachilendo, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, m'tizamoyoti, kuti asayansi azitha kufufuza chomwe chimatipiriritsa mcherewo. Chaka ndi theka tinkakana. Kenako tinavomera, m'kambale kamodzi kokha.

Ine chisiyireni ntchito ya kunyuzipepala ndimalemba kalata ya nkhani za pa labotalepo (ntchitoyi anandipezera ndi alamu omwewo, ndiye mutha kuona kuwawa kwake).

Tsikulo anandiimbira ndili mu daladala, minibasi ya kuno, titaima pa foleni, mdipiti wa magalimoto. "Alamu, muli ndi kamera? Tamera timadontho tisanu. Mudzajambule msanga, masana nditengeko tina ndikasunge m'firiji."

Nditafika anandionetsa: timadontho tisanu tofiirira, pa phala louma ngati jele. Asanamalize kufotokoza, abwana awo anawaitana. "Musakhudze kanthu," anatero ali pakhomo.

Ndinajambula kawiri. Chivindikiro chinali ndi nthunzi, ndipo sipanaoneke kanthu. Ndinachichotsa (kuchotsa chivindikiro sindinakuwerenge ngati kukhudza). Kenako ndinaona mchere woyera utakhakhala m'mphepete, ukunyezimira n'kumaononga chithunzi. Mkonzi wanga wakale ankabweza chithunzi chifukwa cha tsache loonekera pakona, ndipo matenda amenewo ndinawatengera. Ndinauzira mpweya, mchere osasuntha. Ndinapukuta ndi nsonga ya kansalu, unangofalikira. Apo ndinatulutsa botolo langa, ndinathira pang'ono, n'kutsukuluza monga tichitira ndi kapu ya alendo.

Timadontho tija tinasungunuka ine ndikuona. Tinasanduka zonanda ngati mamina, n'kutsetserekera m'sinki. Dzanja linajambulabe, mwa chizolowezi.

Alamu atabwera anayang'ana kambale nthawi yaitali.

"Mwathira madzi anji?"

"Akumwa, alamu. Aukhondo. Ndatsegula pompano."

"Akadakhala a m'ngalande ya ku Kariakoo mwina tikadapulumuka tiwiri," anatero, mawu ali pansi. "M'madzi opanda mchere tizamoyoti timamwa mpaka kuphulika. Ndinakuuzani kunyumba kwanu, katatu. Munkalemba m'kabuku."

N'zoona. Ndinakayang'ana, ndipo zili pa tsamba lachiwiri, ndinachita kudula mzere kunsi kwake.

Mnzawo wina wa ku Tanzania konkuno anangoti "pole", kupepesa alamuwo, ine osandiyang'ana. Ku msonkhano womwe alamu ankayenera kukaonetsa zotsatirazo kunapita munthu wina. Iwo anayambiranso, ndipo mpaka lero tizamoyoto sitinavomerenso. Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike, ndipo madalaivala a malole akumudzi amati akandiona, "Achimwene otsuka, galimoto ili panjapo."

Ntchito sanandichotse, koma malire anga ndi pakhomo la labotale. Zithunzi amajambula okha pa foni n'kunditumizira, zopendekeka, zanthunzi, mchere uli mbuu m'mphepete. Ndimaziika m'kalatamo momwe zililimo. Koma ndisaname: nthawi zonse ndikamaziyang'ana, dzanja limandiyabwa.