Dimba la Nankhoma ndi Nsapato za Akulu

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilibisa chifukwa eni ake ndi anthu opemphera kwambiri, mudali mpingo wotchuka ndi chilungamo. Ankachikonda chilungamocho moti ankachitsekera m'kabati kuti chisathe msanga.

Mumpingomo mudali mayi wamasiye, Nankhoma, amene ankalera ana ake ndi tomato ndi mpiru wa m'dimba lake. Mudalinso Bambo Mkwezalamba, eni sitolo yaikulu, amene tsiku lina adalota kuti dimbalo lidali la agogo awo. Poti Akhristu sakokerana kwa amfumu, nkhani idapita ku Komiti Yaikulu ya Mtendere, Chiyanjano ndi Zina Zotero. Akulu asanu a komitiyo adasala kudya mpaka nthawi ya tiyi, ndipo adalandira vumbulutso loti munthu wopereka chakhumi chonenepa salota zabodza. Dimba lidapita, ana a Nankhoma nkuyamba kugona ndi njala.

Lamulungu lotsatira akulu onse asanu adalowa m'tchalitchi atavala nsapato zatsopano, zachikopa, zonyezimira. Mwangozi chabe, zidali zofanana.

Tsoka ilo, mlaliki wa tsikulo adali mlendo, wosadziwa mavesi oyenera kulumpha. Adawerenga mawu a mneneri Amosi odzudzula anthu ogulitsa osauka pamtengo wa nsapato. Mpingo wonse udayang'ana pansi, koma osati chifukwa cholapa. Akulu adakokera miyendo kunsi kwa benchi.

Masana omwewo komiti idakumana mwadzidzidzi.

"Abale, tisanjenjemere," adatero wapampando, Mkulu wa Akulu Bambo Chimtengo. "Nthawi ya mneneriyo kunali mapatapata okhaokha. Zathuzi ndi zachikopa. Vesilo silikutikhudza."

"Ameni," adayankha mlembi. "Komabe anthu akuyang'ana mapazi m'malo moyang'ana kumwamba."

Atasinkhasinkha mozama, adapeza kuti tchimo silidali pa dimba ayi, lidali pa nsapato. Adalamula kuti aliyense azivula pakhomo, poti tchalitchi ndi malo oyera. Ndipo pofuna kuonetsa chikondi kwa amasiye, adakweza Nankhoma kukhala Mlonda Wamkulu wa Nsapato za Oyera Mtima, udindo wopanda malipiro koma wodzaza ndi madalitso.

Lamulungu lidafika. Akulu adavula monyadira, adalowa chimapazimapazi, nkuyambitsa okha nyimbo ya kudzichepetsa. Kunja Nankhoma adatola nsapato zonyezimira zija, nkuziponya m'thumba la feteleza. Nthawi ya chopereka adalowa nalo, adapitirira mbale, nkukakhuthula pamapazi pa Bambo Mkwezalamba.

"Pepani bambo, ndakudulani pemphero," adatero atagwada mwaulemu. "Katundu wanu uyu. Mtengo munauika nokha, ine sindinachotseko ngakhale chingwe. Ndibwezereni dimba langa."

Bambo Chimtengo adadzambatuka. "Mayi inu, zimenezo ndi nsapato zathu!"

"Zanudi, bambo? Tauzani mpingo kumene munazigula, ndikuvekani ndekha."

Wapampando adayang'ana kudenga kufunafuna vumbulutso lina. Apa Bambo Mkwezalamba adaona kuti ndi bwino adziyeretse.

"Ine akuluwa sindinawagulitsepo nsapato!" adakuwa motero.

"Nanenso ndikudziwa kuti simunawagulitse," adayankha Nankhoma.

Phwete lidayambira kwa amayi a kwaya, lidadutsa kwa achinyamata, mpaka wogwira mbale ya chopereka adakhala pansi. Pasadathe ola Bambo Mkwezalamba adakumbukira kuti m'maloto muja agogo awo ankaloza dimba lina, la kutali kwambiri. Madzulo ake Nankhoma adali akuthirira mpiru wake.

Nsapato zija palibe adazilondola. Akulu adabwerera kwawo akudumphadumpha pamchenga wotentha wa mu Okutobala, kwa nthawi yoyamba akumva mmene osauka amayendera.

Musaganize kuti sadatengepo phunziro. Komiti idakumananso, ndipo idagwirizana kuti alaliki achilendo aziwerenga za Yona basi, poti m'mudzimo mulibe amene adamezapo munthu wathunthu.