Rivesi ya ku Mwazisi

Ine cholinga changa chinali chabwinobwino, anzanga, ndipo mpaka lero ndimachiikira kumbuyo. Ndinkangofuna kuti tsiku lokaonekera kwa makolo a Wezi ku Mwazisi, galimoto yanga ikafike mwaulemu. Kodi pamenepa pali cholakwika?

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Bolero, mwana wa ku Ntcheu ine, Chitumbuka changa chongothera pa "monile" ndi "yewo". Wezi ndinamupeza konko, akugwira ntchito pachipatala, ndipo nditamufunsira anavomera koma anandichenjeza. Anati bambo ake, a Gondwe, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, sanasangalale kumva kuti mwana wawo akufuna munthu wochokera kutali chonchi. Komanso wina anali atawanong'oneza kuti mnyamatayo ndi wolota masana. Amene anawauzayo sindikumudziwa, koma sananame. Ndiye Wezi anandiuza mosabisa kuti adada ake akakana, iye sangathawe pakhomo, nkhani ithera pomwepo.

Galimoto yangayo inali yakale, yogula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu wina amene mwina anachita kupatsidwa. Injini inalibe mlandu. Vuto linali ndodo ya magiya, imene inkagwedera ngati dzino la mwana wa sitandade wani. Ukafuna giya yachitatu unkachita kuisakasaka, mwina n'kupeza yachisanu, galimoto n'kuyamba kutsokomola pakati pa msika anthu akuona. Odziwa anandiuza kuti ndi mabushi, timphira ting'onoting'ono tokhala m'mfundo za zitsulo zochokera pa ndodoyo kupita ku giyabokosi, kunsi kwa galimoto. Timphirato tikatha, zitsulo zimangosewera. Ndinakwera minibasi kukagula ku Mzuzu, ndipo pobwerera, mutu nditatsamira pawindo, mapiri akudutsa pang'onopang'ono, maganizo anandibwerera akuti bwanji ndiike ndekha? Ndinkamuona kale Wezi akuuza bambo ake kuti munthuyu galimoto amakonza yekha. Ndinkawaona a Gondwe akuvula magalasi, kuwapukuta, n'kunena kuti ameneyu ndiye mwamuna. Zinandikomera kwambiri moti ndinamutumizira uthenga Weziyo kuti akanene zimenezo kwawo, ine ndisanagwire ngakhale sipanala.

Loweruka masana ndinaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, ndinaikweza ndi jeke, n'kuikira njerwa, n'kuyala chiguduli. Pafoni ndinali ndi vidiyo ya munthu wina wakunja akuchita ntchito yomweyo m'chilankhulo chimene sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma manja ake ankamveka. Netiweki inathawa munthuyo atangomaliza kumasula. Ndinati palibe kanthu, kumanga ndi kumasula kobwerera.

Kodi munagonapo kunsi kwa galimoto mwezi wa Okutobala? Kunja dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira, koma kunsiko kuli kamthunzi kozizira bwino, kamphepo kochokera ku Nyika kakulowa cham'mbali n'kumakusisita m'makutu. Ndinamasula zitsulo, ndinachotsa timphira takale tonyenyeka, n'kuyala zonse pachiguduli mwadongosolo. Kenako ndinati ndipumeko pang'ono. Ndikuyang'ana kumimba kwa galimotoyo ndinayamba kuona tchalitchi chodzaza, kwaya itaima, Wezi akubwera pang'onopang'ono atagwira mkono wa bambo ake. Ndinaona nyumba yathu ya malata, mapapaya kuseri, mwana woyamba wamkazi wa maso a mayi ake, ndipo ine ndi Wezi tinakanganako pang'ono za dzina, ine n'kumugonjera. Ndinafika mpaka pomuperekeza mwanayo kusekondale. Podzidzimuka dzuwa linali litapendeka, malovu ali patsaya, nkhuku za aneba zikupalasa pachiguduli changa.

Ndinatolera zitsulozo m'fumbi, n'kumanga mmene ndinkakumbukira. Zonse zinalowa bwinobwino, kupatula kachitsulo kamodzi kopindika ngati phini ya tsitsi. Ndinakayang'ana, ndinayang'ananso kunsi, sindinaone malo ake. Ndinati opanga zinthu ndi anthu achifundo, amaikamo zapadera. Ndinakaponya m'thumba la ovolosi, ndinatsitsa galimoto n'kuyesa pabwalo pomwepo. Ndodo ija inali italimba, giya iliyonse ikulowa pamalo pake mosanyengerera. Ndinasangalala moti ndinakhala m'galimotomo mpaka udzudzu unanditulutsa, ndikungosintha magiya injini ili yozima.

Tsiku la ulendo tinali atatu. Amalume anali atabwera pabasi kuchokera ku Ntcheu, munthu wosalankhulalankhula, chipewa chili pabondo. Kumbuyo kunakhala a Mhango, mphunzitsi mnzanga, amene anavomera kukhala thenga, munthu wonyamula mawu pakati pa mabanja awiri monga amachitira kuno. Ine ndinali m'suti yanga yokhayo, mafuta onunkhira ndathira mopanda chisoni.

Titalowa msewu wafumbi wa mabampu, giya yachisanu inasowa. Sindinadandaule, msewu wotere giya yachisanu n'njachiyani? Patsogolo pang'ono, titangodumpha kamlatho, yachinayi nayo inatsanzika, ndipo yachitatu inaiperekeza. Ndinatsala ndi yachiwiri, injini ikulira ngati chigayo, anthu oyenda panjinga akutipitirira n'kumatipatsa moni.

"Mphwanga, galimotoyi ikulirira chiyani?" anafunsa amalume.

"Ndi mabushi atsopano, amalume. Sanazolowere."

Amalume anangoti, "Oo," n'kuyang'ana kunja.

Kwa a Gondwe umachoka pamsewu n'kutsata kanjira kataliko ndithu, kodutsa pakati pa minda ya fodya. Ndinafika n'kuima galimoto italoza khonde. Anatilandira bwino, anatilowetsa m'nyumba, ine n'kukhala pakona manja ali pamaondo monga a Mhango anandilangizira. Amalume akalankhula, mawu ankapita kwa a Mhango, a Mhango n'kuwapereka kwa a Gondwe amene anali pomwepo ndipo Chichewa amachimva kuposa ine. A Gondwe ankangomvetsera, n'kumandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Pomaliza anati amva, yankho adzatumiza kudzera mwa thenga. Mtima wanga unagwa, chifukwa Wezi anali atandiuza kuti adada akakondwa sachedwa. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba tsiku lonselo, n'kunditchula kuti aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Asambizgi, ndamva kuti galimoto mumakonza nokha?"

"Inde, adada," ndinayankha, mawu ali ofatsa ngati munthu wosafuna kudzitama.

Titadya, anatipatsa thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo yomanga miyendo. Zonse anazikweza kumbuyo, thumba lija n'kutseka windo lakumbuyo lonse. Banja lonse linatuluka kudzatiperekeza, a Gondwe ndi ndodo yawo, amayi, azakhali awiri, ndi Wezi ali chapatali, maso pansi ngati sakundidziwa.

Ndinaliza injini, ndinaponda klachi, n'kukankhira ndodo ku rivesi. Inalowa ndithu, koma kunsi kunamveka kanthu kakuti ngwe. Ndinabwerera pang'ono mpaka pafupi ndi chigafa cha fodya, pamene panali malo otembenukira, n'kuti ndiike giya yoyamba. Ndodo ija inangopita. Ndinaikankhira kumanja inapita, kumanzere inapita, ndinaizunguliza inazungulira, yopepuka ngati yosalumikizika ndi chilichonse padziko lino. Ndinasiya klachi pang'onopang'ono ndikupemphera, galimoto n'kubwerera m'mbuyo. Ndinayesanso, m'mbuyo. Apa m'pamene ndinadziwa ntchito ya kachitsulo kaja, ndipo kanali ku Bolero, m'thumba la ovolosi, pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Tembenukatu," anatero amalume chapansipansi, nkhope ikumwetulira anthu akunja.

"Amalume, kutsogolo kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Kwatha. Kwangotsala kumbuyo."

A Mhango anatsetsereka pampando n'kudziphimba ndi nyuzipepala.

Tsono inu mukanatani? Nditsike ndi suti, ndigone m'fumbi pamaso pa munthu amene ndangomuuza kumene kuti galimoto ndimakonza ndekha? Ndipemphe apongozi andikankhe? Ndinawongola chiwongolero, n'kulozetsa kumbuyo kwa galimoto kukanjira kaja. Ndinayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pagalasi lam'mbali, poti lakumbuyo linali mtedza wokhawokha.

Ndimayesa atsalira pakhomo. Ayi ndithu, anthu a kuno mlendo amamuperekeza mpaka pamsewu. Poona kuti galimoto ikuyenda liwiro la munthu, anayamba kuitsatira, ndipo poti ine ndinkapita chafutambuyo, iwo anali kutsogolo kwanga, maso ndi maso. A Gondwe ali pakati, ndodo ikugunda pansi, akundiyang'ana pagalasi lakutsogolo. Ine ndikayang'ana pagalasi lam'mbali kamphindi, ndibwerere kwa iwo, ndimwetulire, ndiweramitse mutu. Azakhali akakweza dzanja, ine ndikweze langa. Thukuta linkatsika m'khosi mpaka m'masokosi.

Ndiye pakati pa mavuto onsewo matenda anga aja olota masana anandipeza. Dzuwa linali likupendeka kumbuyo kwanga, kuwala kwake kukugwera pankhope zawo, fumbi lili mbuu ngati utsi wagolide, ndipo Wezi anali atasendera kutsogolo, chitenje chachikasu chikuuluzika pang'ono. Ankabwera kwa ine, ine ndikubwerera, iye akubwerabe, mtunda wa pakati pathu osachepa, osakula. Ndinamva chisoni chokoma chimene sindingachifotokoze, ndinaganiza kuti mwina moyo wanga wonse udzakhala wotere, kumuona akubwera koma osafika. Galasi lam'mbali ndinaliiwala.

"Munda wa apongozi uwo," anatero amalume akunditsina pantchafu.

Tayala lakumbuyo linali litakwera kale mizere. Galimoto inapendeka, nkhuku ija inadumpha n'kutera pamutu pa a Mhango, ine ndinapinda chiwongolero kolakwika n'kupondanso mzere wina, kenako n'kubwerera m'njira. Ndinayang'ana a Gondwe. Nkhope yawo sinasinthe, anangoyang'ana mizere yophwanyikayo, n'kuyang'ananso ine. Ndinaweramitsa mutu kawiri.

Pamsewu onse anaima, n'kuyamba kutibayibitsa, akudikira kuti tsopano nditembenuke poti malo analipo okwanira ngakhale lole. Ine ndinangopinda, kumbuyo kwa galimoto n'kuloza ku Bolero, ndikupitiriza ulendo chafutambuyo, dzanja lili panja ndikubayibitsa. Anthu a pagolosale anaimirira. Wakabaza wina anatiyandikira n'kumayenda nafe limodzi, akusuzumira pawindo.

"Mwaluwa vichi, dada?"

"Akufunsa kuti mwaiwala chiyani," anamasulira a Mhango ali kuseri kwa nyuzipepala, poti thenga sasiya ntchito.

Titakhota pamene sakanationanso, ndinazimitsa injini, ndinagona m'fumbi ndi suti yanga yomweyo, n'kumanga chitsulo cholendeweracho ndi waya amene tinapempha panyumba ina. Tinafika ku Bolero ndi giya yachiwiri. Njira yonse amalume analankhula kamodzi kokha. Anati, "Ine ndakalamba ndikuyendera maukwati a anthu, koma wobwerako chafutambuyo ndi uno."

Ndinadziwa kuti zatha. Wezi anandiimbira, koma mawu sankatuluka, ankangoseka mpaka kutsamwa, kenako anati iye anazindikira pachigafa pomwe kuti galimoto yafa. Nditafunsa za adada, kuseka kunatha. Anati angokonza mizere yawo ija okha ndi khasu. Masiku otsatirawo chakudya sichinkalowa, m'kalasi ndinkalemba pabolodi n'kuiwala chimene ndikulemba. Ndinkamukonda mtsikanayo, ndipo ndinamutaya chifukwa chofuna kutamidwa.

Kenako a Mhango anaitanidwa ku Mwazisi. Atabwerako anandipeza pansi pa mango uja, anakhala panjerwa zanga zomwe zija, nkhope ili yamaliro, n'kunena kuti mawu awapereka mmene anawalandirira.

"Akuti, anyamata a masiku ano akatsanzika amakufulatira, n'kukusiyira fumbi m'maso. Koma uyu ngwa ntchindi chomene, ulemu wake ndi wosowa. Kuchoka pakhonde mpaka kukazimiririka pamsewu, sanatifulatire ngakhale kamodzi. Akuti amalume abwere, tidzakambe za malowolo."

Ndinakhala pansi, m'fumbi momwemo, ndipo a Mhango anaseka mpaka anagwa panjerwa.

Ukwati unachitika, galimoto anakonza amakaniko, magiya onse anabwerera kwawo. Ulendo woyamba wopita ku Mwazisi ndili mkamwini, titatsanzika ndinabwerera mpaka pachigafa, ndinaika giya yoyamba, n'kuyamba kutembenuka ngati munthu aliyense. A Gondwe anakweza ndodo yawo. Ndinatsitsa windo.

"Asambizgi, mwasintha? Kapena poti mwatenga kale?"

Ndinaika rivesi.

Mpaka lero, anzanga, kwa apongozi anga ndimachoka chafutambuyo, kukhale dzuwa, kukhale matope. Akamwini anzanga a pakhomopo anandikwiyira, poti nawonso anayamba kufunsidwa chifukwa chimene amafulatirira apongozi pochoka, ndipo masiku ano galimoto zawo amasiya kumsewu n'kuyenda wapansi. Adadawo ndimawakayikira, chifukwa akamandiperekeza mlomo wawo wam'munsi umanjenjemera ngati wa munthu amene akuletsa chinachake, ndipo chaka chatha anamanga nyumba yatsopano kumtunda, kuseri kwa chulu, kumene njira yake imakhotakhota. Ine ndinalumbira kuti sipanala sindidzaigwiranso, ngakhale bawuti ya njinga ndidzapita nayo kwa eni ntchito. Ndipo galimoto imene ndidzagule ikadzatha iyi, injini kaya ikhale yotani, bola ikhale ndi kamera kumbuyo.